Mphuno ya Aphunzitsi pa Galasi la Mbozi

Amene anayambitsa zonsezi ndine, ndipo wa ku Ulongwe aliyense amene angakuuzeni kuti kamera ndiyo inalakwitsa akungondikomera mtima. Kamera inalibe vuto. Galasi ndinasankha ndekha, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mpaka lero ndimati ndinasankha bwino.

Zinali zaka zija akuluakulu ankangokangana za chitaganya, ine nditabwera ku tchuthi kuchokera kusekondale ku Zomba. Wansembe wa pamishoni yathu, mzungu wamtali wa ndevu zofiira, anali ndi kamera yaing'ono m'chikwama chachikopa, pamodzi ndi magalasi ake osinthasintha. Anandiphunzitsa kujambula chifukwa ndinkamutopetsa ndi mafunso, komanso manja anga sankanjenjemera.

Galasi loyamba linali lalitali ngati chitsononkho. Limenelo linali la mpira. Umaima kunja kwa bwalo koma goloboyi n'kubwera pamphuno pako, thukuta lake likuoneka. Vuto lake linali kugwedera, choncho umayenera kutsamira mtengo ndi kugwira mpweya podina. Lachiwiri linali lapakatikati, la nkhope za anthu. Umaima chapatali pang'ono, nkhope n'kutuluka mmene Mulungu anaiumbira, zakumbuyo zonse zitasungunuka. Lachitatu linali lalifupi, lotenga tchalitchi chonse ndi anthu ake nthawi imodzi. Kutsogolo kwa lalifupilo ankamangirirako kagalasi kena ngati ka m'maso akafuna kujambula tinthu ting'onoting'ono pafupi, makamaka mbozi zodya thonje, zimene zithunzi zake ankatumiza kwa alangizi a zaulimi.

Pa galasi lalifupilo wansembe anandichenjeza kawiri. Anati ndisadzayerekeze kuyandikira nalo nkhope ya munthu, chifukwa chimene chili pafupi chimafufuma, chakumbuyo n'kufota. Kundiuza ine zimenezo kunali kusungitsa mbuzi chimanga.

Tsono panali aphunzitsi a Sitandade 3, mbeta yamphongo yoyenda ndi zolembera ziwiri m'thumba la pamtima. Ndili wamng'ono anandigwaditsapo pamiyala chifukwa ndinaseka nsapato yawo italira m'kalasi. Aphunzitsi amenewa anafunsira achemwali anga. Amayi anavomera, ababa anavomera, koma kwathu mawu omaliza amakhala ndi mwini mbumba, ndipo amalume ankakhala kutali ku Chikweo, tsidya lina la Shire. Mwambo unali woti wofunsira apite yekha akaonekere, amalume amuone kayendedwe ndi kadyedwe. Aphunzitsi anati zimenezo n'zachikale. Anyamata a ku Joni ankatumiza zithunzi, nanga iwo, munthu wophunzira, akatuwirenji ndi fumbi panjinga? Anaganiza zotumiza chithunzi kaye, ankhoswe n'kudzatsatira.

Mwayi unandipeza wansembe atapita kumsonkhano n'kundisiyira kamera kuti ndijambule mpira wa anyamata athu ndi a ku Balaka. Mpira utatha, filimu inatsalako. Aphunzitsi anatulukira ali mu suti yakuda, tayi atamanga mpaka kukhosi kutatupa, tsitsi atalilemba mzere.

Kunena zoona, ndinayamba bwino. Ndinawaimika pansi pa mtengo wa mango, ndinamanga galasi lapakatikati, n'kubwerera m'mbuyo monga ndinaphunzitsidwira.

"Iwe, ukuthawira kuti?" anatero. "Ndili ndi khate ine?"

Ndinawafotokozera mwaulemu kuti galasi la nkhope limafuna mpata. Iwo anati kutali choncho zolembera zawo sizioneka, ndipo amalume adzayesa kuti ndi wogulitsa nsomba wabwereka suti. Analoza galasi lalitali m'chikwama n'kunena kuti munthu wa msinkhu wawo ayenera lalikululo. Ndinati ndi limenelo ndiye ndikaima kuseri kwa tchalitchi. Anakwiya, akuti sekondale yandipatsa mwano.

Mawondo anga anakumbuka miyala ija pomwepo. Ndinatulutsa lalifupi, ndinamangirira kagalasi ka mbozi, n'kuwauza kuti ili ndi limene Abambo wansembe amasungira zinthu zofunika kuzionetsetsa, zimene zithunzi zake zimapita mpaka kuboma. Bodza panalibe pamenepo.

"Eya, limenelo," anatero aphunzitsi, akukonza tayi. "Ukanayamba ndi limenelo."

Ndinayandikira mpaka ndinamva fungo la mafuta a m'tsitsi mwawo. Ndinawapempha kuti akweze chibwano pang'ono kuti ulemu uoneke. Anakweza. Ndinadina.

Filimu inkapita pasitima ku Limbe kwa mmwenye wina wotsuka zithunzi. Aphunzitsi, pofulumira ukwati, anandilamula kuti zikafika ndikazitenge ku Balaka ndipo ndisakhotere ku Ulongwe, ndingolunjika ku Liwonde n'kuwoloka. Anandibwereka ndi njinga yawo yomwe. Anati kamera sinama, palibe choti aonenso.

Ndinatsegula phukusi lija pasiteshoni pomwepo. Zithunzi za mpira zinatuluka bwino kwabasi, goloboyi wathu ali m'malere, mpira uli kunsonga kwa zala. Kenako ndinafika pa aphunzitsi. Mphuno inadzaza pepala ngati mbatata ya pachulu, mabowo ake awiri akukuyang'ana, tsitsi la m'katimo lowerengeka. Maso anathawira m'mbali, makutu anasanduka tinyemba. Zolembera zija sizinaoneke n'komwe. Ndinaseka mpaka wogulitsa matikiti anasuzumira pazenera.

Amalume anali mlimi wa thonje ndi chinangwa, munthu wosafulumira pakamwa, wosakaniza Chilomwe akadabwa. Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba. Analandira chithunzicho ndi manja awiri, anachiyang'ana, anachitembenuza chadodolido, n'kuchibwezanso. Anaitana akazi awo, akazi awo anaitana anzawo, ndipo posakhalitsa pakhonde panalibe poponda.

"Mphwanga, ndi mmene alili munthuyu?" anandifunsa.

"Kamera ndi ya Abambo, amalume. Ine ndinangodina."

Amalume anachiyang'ananso chithunzicho. Kenako anati iwo sanakanepo munthu chifukwa cha mphuno, pakuti mphuno sasankha. Koma mwamuna wotsogoza mphuno yekha n'kutsala m'mbuyo, iyayi, ameneyo mwana wa mlongo wawo sangamupatse. Akafuna mkazi abwere nayo yekha kuti iwo adzaione ndi maso. Chithunzicho anakana kubweza.

Nditafika kwathu ndi uthengawo ndinapeza chimene sindinachiganizire. Ine ndinkayesa kuti ndikupulumutsa achemwali, osadziwa kuti iwo aphunzitsiwo ankawafunadi. Sindinawafunsepo. Analira, kenako anandigenda ndi chinangwa chouma, n'kundiuza kuti ukwati ukalephereka ndidzawasunga ndine mpaka imvi. Ababa anatuluka panja kuti asaoneke akuseka. Aphunzitsi atamva, nkhope inagwa, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti ausiya ukwatiwo chifukwa cha manyazi, pakuti mbiri ya mphuno inali itawoloka kale Shire kubwerera kuno ndi ogula thonje.

Koma Loweruka lotsatira anakwera njinga, suti yomweyo, ulendo wa ku Chikweo. Anakafika atatuwa ngati wochokera kuchigayo. Azakhali anga, akazi a amalume, amati ana a m'mudzi monse anathamangira kumsewu kukaona, ndipo anabwerako okhumudwa, akuti wabwera wina. Amalume anawayang'ana kutsogolo, anawayang'ana cham'mbali, n'kuwapatsa mpando. M'mawa mwake anawatengera kumunda kukathyola thonje. Aphunzitsi anavula jekete n'kuthyola mpaka zala zinatuluka magazi, osadandaula. Madzulo amalume anavomera. Ukwati unachitika anthu atagulitsa thonje, ndipo aphunzitsi aja anakhala alamu anga.

Nchifukwa chake sindinapepese. Chithunzi chabwino chikanapita, amalume akanaona suti ndi tayi basi, mwinanso akanakana. Ndi galasi la mbozi limene linawakweza alamu panjinga. Ndawauzapo zimenezi kangapo, koma sagwirizana nazo.

Mlandu wokha sunathere pamenepo, chifukwa alamu anakandineneza kwa wansembe. Anandiitanitsa kuofesi kwake, zithunzi zonse zili pathebulo, cha mphunocho amalume atachita kubwereketsa. Anayamba ndi za mpira, n'kunena kuti za goloboyi sakanazijambula bwino choncho iye mwini. Atafika pa chinacho anakhala nthawi yaitali atagwira pakamwa, ndevu zikugwedera. Anandifunsa ngati ndinaiwala zimene anandiuza za galasi lalifupi. Ndinati iyayi, Abambo, ndinakumbuka bwino lomwe.

Ananditulutsa panja, anamanga galasi lomwelo ndi kagalasi kake, n'kundiuza kuti ndikweze chibwano kuti ulemu uoneke. Chithunzi changa anachikhoma pachitseko cha tchalitchi mwezi wathunthu, ndipo kamera anandiletsa kuigwira mpaka tchuthi china.

Changa chinaposa cha alamu, chifukwa ndinaseka podina, mano n'kutuluka ngati a bulu. Lamulungu lililonse Misa ikatha ndinkaima pambali pake, n'kumafotokozera aliyense woima kuti ili ndi galasi lalifupi, la mpira ndi lina, la nkhope ndi linanso. Mwezi utatha ndinakachipempha kwa wansembe, ndipo anandipatsa.