Ndege Imene Sanaipange

Mpaka lero ndikamva fungo la guluu womatira pulasitiki, ndimakumbukira abambo anga. Fungo limenelo linadzaza kachipinda kanga ku Tipton, kudziko la azungu, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nyumba yathu inali yopapatiza, kuseri kwake kunkadutsa ngalande ya madzi obiriwira, ndipo mdima unkagwa ndisanavule n'komwe yunifomu ya kusukulu. Pahita yotenthetsera m'nyumba pankakhala masokosi onyowa a amayi, ndipo mawindo ankachita thukuta tsiku lonse.

Amayi anali namwino pachipatala chachikulu ku Wolverhampton. Abambo, amene ku Ntcheu anali mphunzitsi wa sayansi, kuno ankanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima. Chaka chimenecho msuweni wawo anawapezera ntchito ku Canada. Amayi anakana kwamtuwagalu kusamukanso. Komatu nkhani sinali ya Canada yokha, poti awiriwa anali atasiya kalekale kudyera patebulo limodzi. Palibe anandiuza, chifukwa kwathu nkhani za banja sauza mwana, koma makoma a nyumba za ku Tipton ndi opyapyala.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi kunkabwera ankhoswe. Ankhoswe enieni, amene anamanga ukwatiwo, anali ku Malawi, ndiye a Mwale ndi akazi awo, a mumpingo mwathu, ankakhala m'malo mwawo. Foni ankaitsamiritsa kubotolo la shuga kuti amalume a ku Ntcheu azimva nawo, ndipo netiweki ikaduka onse ankangoyang'ana pakapeti. Ine ankandithamangitsira m'chipinda cham'mwamba.

Kuti ndisamatsiketsike, abambo anabwera ndi timakatoni tisanu kuchokera kumsika wa zinthu zakale. Monsemo munali tizidutswa tapulasitiki tomata n'kupanga chidole cha ndege ya mtundu umodzi, CF-100, jeti yankhondo imene anthu a ku Canada anaijambula ndi kuipanga okha. Inali ya injini ziwiri, mipando iwiri ndi mapiko owongoka ngati lula. Ankhoswe akapita, abambo ankakwera n'kukhala pansi pambali pa bedi langa, ndipo uphunzitsi wawo wonse unkadzuka. Anandiuza kuti ndegeyi ankaisintha pang'onopang'ono, ndipo mtundu uliwonse ankautchula kuti maki wani, maki thuu, mpaka maki faifi. Anati oyendetsa ankaiseka chifukwa tayala lakutsogolo likamalowa m'mimba linkachita phokoso, n'kuyerekeza phokosolo ndi pakamwa, "Gudu!" Ndinkaseka mpaka kutsamwa.

Tsiku lina, manja ali guluu yekhayekha, ndinawafunsa m'Chingerezi, monga ndinkachitira nthawi zonse, ngati akupitadi. Anayankha maso ali paphiko limene anagwira.

"Thoko, mwana wanga, sindichoka tisanamalize mamaki onse. Wamva?"

Ndinamva ndithu. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mmisiri waulesi woposa onse mu Tipton. Maki wani, yakuda bii yokhala ndi mzere woyera wonga mphezi m'mbali, ndinaipenta katatu. Maki thuu, imene inangosiyana ndi inzake poikidwa injini za ku Canada komweko, ndinkati guluu wake sanaume ngakhale atauma gwa. Maki firii inali ndi mfuti kumimba, ndipo ndinaumirira kuti kamfuti kalikonse ndikapente pakokha ndi kamtengo kotokosera m'mano. Abambo sanandifulumizitsepo. Ankangoti, "Take your time, amayi, ndege sathamangira," n'kumandigwirira chidutswa mpaka zala zawo zitachita dzanzi.

Koma ulesi wanga sunaimitse kanthu. Khirisimasi itadutsa, a Mwale anasiya kubwera, ndipo botolo la shuga linabwerera m'kabati. Pamwamba pa wadiropu panaoneka sutikesi yatsopano. Amayi anayamba kutenga mashifiti owonjezera, akabwera n'kumangondisisita mutu. Tinamaliza maki folo, yamphuno yaikulu ndi maroketi kunsonga za mapiko. Kenako tinayamba maki faifi, imene anaitalikitsa mapiko kuti izikwera m'mwamba kwambiri, ndipo tinadula chivundikiro cha kontena ya ayisikirimu kuti tiwonjezere nsongazo. Ndinkamata ndikulira chamumtima, poti katoni yachisanu ndiyo inali yomaliza.

Ndiye Lachitatu lina, ndili mulaibulale ya m'tauni mwathu, ndinapeza buku lalikulu la ndege. Pansi pa chithunzi cha CF-100 panali mawu akuti maki sikisi. Ndinasangalala ngati ndatola golide. Ndinathamanga m'mbali mwa ngalande, chikwama chikundimenya kumsana, mphepo ikundiluma makutu, osasamala matope. Ndinawapeza abambo atakwera pasikelo ya kubafa atanyamula sutikesi, akuyeza kulemera kwake.

Ndinakuwa kuti sitinamalize, kuti kulinso maki sikisi, kuti analonjeza okha.

Anaika sutikesi pansi, n'kugwada kuti tifanane msinkhu. Maso awo anali ofiira.

"Imeneyo ndikuidziwa, Thoko. Anangoiganizira papepala. Sanaipange."

Ndinawauza kuti ife tiipanga. Anandikumbatira, juzi yawo ikununkha guluu ndi makatoni. Loweruka lotsatira a Mwale anabwera ndi galimoto yawo m'mawa kudzatenga abambo n'kukawasiya kokwerera basi ya kubwalo la ndege. Amayi anaima pakhomo atapinda manja m'chifuwa. Ine ndinaonera pawindo lam'mwamba, ndege zisanu zitandandalika pashelefu kumbuyo kwanga, yomaliza penti wake asanaumitsitse.

Kwa zaka zambiri ndinkakwiyira anthu a ku Canada amene sindinawaonepo, poganiza kuti akanapanga ndege imodzi yokhayo, abambo akanakhala mpaka nyengo yozizira itatha, dzuwa litabwerera. Pano ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti tikiti inali itagulidwa kale timakatoni tija tisanalowe m'nyumba. Abambo sanandinamize. Anali mphunzitsi, mitundu yonse ya ndegeyo ankaidziwa pamtima, ndipo pogula anawerenga bwinobwino, n'kutenga tisanu.