Chitenge cha nkhanga zofiira

Mu Matero, komboni ya mu Lusaka, munalibe munthu wamene sanali kuchidziba chitenge cha ba Elesi. Chachikasu, na nkhanga zofiira zoyenda pamzere. Nkhanga yofiira munaionapo kuti? Ku mashopu ya ku Kamwala mungafune mpaka mapazi yatupe, simuzachipeza. Banachibweretsa ba Blackson, bamuna babo, kuchoka ku Kasumbalesa nthawi ija bakali kuyenda na malole, msana usanabakane. Ba Elesi benze kuchivala pa maliro, pa kichini pate, pa ubatizo, paliponse pamene pali maso yakuti yachione.

Banabadwira mu Matero momwemo. Batate babo benze kukhi wa mzungu, bochokera ku Dedza. Sukulu banangoinunkhiza. Banagulitsapo tomato, banagulitsapo vovala va salaula, banachapa vovala kumayadi, vonse vinabakana. Chamene chinabavomera ni ulangizi. Mtsikana akafuna kulowa m'banja, bamake bamupereka kwa ba Elesi, bamutsekera mu nyumba na ng'oma, bamuphunzitsa va m'nyumba. Nchito iyi ilibe setifiketi. Bantu bayang'ana dzina yako na mwamuna wako, basi. Mwamuna wa mlangizi akayenda na shati yoduka mabatani, palibe azakupatsa mwana wake. Ndiye ba Blackson benze kuyenda bosita monga ba dikoni, ngakhale nchito yabo manje ni ya ulonda pa geti ku Kabulonga, na jezi yabo ya bulauni yamene sibavula olo mu Okutobala, ati mphepo ya pa geti inalowa mu mafupa.

Pa batsikana bamene banapita m'manja mwa ba Elesi panali Ketty, mwana wamasiye, anakwatiwa ku Chawama na Enos, kondakita wa minibasi. Enos uyu manja yake siyanali ya kulandira ndalama chabe. Ketty enze kubwera ku Matero diso yotupa, ba Elesi bamuthowa na manzi, bamudyetsa, bamukweza basi. "Bwerera mwana wanga, nyumba ni kulimba." Analimba. Tsiku ina Enos anamubwerera na lamba pamene eve anali kuphula poto ya manzi yosamba pa mbaula. Poto inayenda kwa Enos. Chifuwa na dzanja vinasupuka, Ketty banamutenga bapolisi.

Kamwana kake, Mphatso, ba Elesi banakatenga kubwera nako ku Matero. Ba neba pofunsa, banati ni kamdzukulu, bamake bayenda ku oda katundu ku Nakonde.

Tsiku ya khoti ba Elesi banavala nkhanga zabo, banakhala pa benchi ya kumbuyo. Mlandu wamene unayamba siunali wa Ketty. Unali wa bwana wina wa kumayadi, suti ya bulu, fungo ya pefyumu kufika mpaka kumbuyo. Uyu anathyola mkazi wake dzanja na nsagwada. Loya wake anaimirira, anakamba chizungu chotalika monga njanji. Mkazi uja, magalasi yakuda kumaso, anakamba na pakamwa pokhota ati, namukhululukira. Ba majisitireti banalemba, banati yendani mukamvane ku nyumba. Ba Elesi banayang'ana banyamata ba mafoni, baja bokhala pa khoti kufuna nkhani za pa Fesibuku. Mafoni yonse yanali m'matumba. Bwana anatulukira ka chitseko ka pambali, motoka ya magalasi yakuda inali kale pamenepo, injini ikulira. Nani anauza dalaiva kuti mlandu uzatha msanga? Ba Elesi mpaka lero bafunsa.

Ketty analibe loya. Banamufunsa, anati, ninathira. Anafuna kukamba va lamba, banamuuza ati yankha vamene wafunsidwa. Enos anali pamenepo, bandeji yaikulu monga pilo, shati osamanga dala. Kukhululuka sanakuganizeko. Banati wapezeka na mlandu, chilango bazakamba sabata ya mawa.

Pomutulutsa kuyenda ku kasalanga, chilole chija cha bakaidi, mafoni yonse yanauka. Banyamata kukankhana, bena kukwera pa mpanda. "Mami, yang'ana kuno! Unamuphika bwanji?" Ba Elesi sibanaganize. Banamasula chitenge, banachiponya pa mutu pa Ketty. Wapolisi anabakankhira kumbuyo, banatsala na siketi chabe. Chitenge chinabwezedwa pa windo ya kasalanga, koma mafoni yanali yadya kale.

Basanafike na ku Matero, kavidiyo kanali kafika. Pamwamba banalemba ati, mzimayi wa mu komboni awotcha mwamuna wake. Dzina sibanafunse, komboni iti sibanafunse. Kwa beve mkazi wa mu komboni ni umodzi chabe. Nkhope siioneka, vioneka ni nkhanga zofiira zikwera kasalanga. Ndipo mu Matero nkhanga zija zili na mwine umodzi chabe. Va bwana uja vinamveka pa wailesi mawa yake, mawu yabiri, ati wamalonda wina wa mu Lusaka wamvana na banja yake.

Tsiku ija ya khoti ba Elesi banatsika basi pa maketi, chitenge m'chiuno, banaona bazimayi ba vitumbuwa baleka kukamba. Umodzi anasendeza pani ya mafuta ya saladi yotentha kuichotsa pa njira yabo.

Madzulo kunabwera ba Monde, ba mu kwaya imodzi. Mwana wabo Chipego anali pafupi kulowa m'nyumba ya ba Elesi, ukwati wake unali mu Disemba, ndipo bazimayi benangu bambiri ba ku tchalitchi benze kuyembekeza kuona mwamene Chipego azatulukire kuti baperekenso babo. Ba Monde banakana mpando. Maso yabo yanali pa mbaula.

"Bamake Chabwera, mwachoka kuti lero?" banafunsa, kuitana ba Elesi na dzina ya mwana wabo.

"Mu tauni."

"Mu tauni ni mukulu. Batate bake Chabwera bali bwanji?"

"Bali ku nchito."

"Na jezi?"

"Bamake Chipego, ngati ninakwera kasalanga, apa naimirira ni mzimu?"

"Kuli belo, munthu atuluka mlandu ukalipo," banatero ba Monde. "Tidziba. Nanga ngati si imwe, ni ndani munabwereka? Chitenge ichi olo mwana wanu simumupatsa."

Ba Elesi banayang'ana pa khomo pamene Mphatso anali kusewera na tuvitsekero twa mabotolo. Banati, "Ni munthu."

"Ise tonse ndise bantu. Chipego ayambe wayembekeza."

Kuchoka apo Matero inagwira nchito. Bena banakumbuka ati ba Blackson banayenda motsimphina pa Sande. Bena ati banamva kukuwa. Wina ati ni kale, ni chifukwa chake jezi siichoka. Nyina wa mtsikana wina wa ku komboni ya George anatuma mawu ati tapeza balangizi benangu.

Ba Blackson banabwera kuchoka ku nchito nkhope ili gwa. "Elesi, ungokamba. Ati ni mwana wa ku Chawama, nkhani yatha."

"Nikambe, kuti mawa aka kakayenda ku pompi bakaitane mwana wa chiwotcha? Ku Chawama bakadziba kale, ni chifukwa ninakachotsako."

"Nanga ine? Bakaponya, baja boitanira mabasi pa sitesheni, banipatsa dzina. Ati ba Michopo, nyama ija yootcha. Nikapita ati, mudala, bakuikani anyezi?"

"Vulani jezi baone."

Banayesa. Pa sitesheni banakwinya mikono ya jezi mpaka m'zigongono, banaonetsa uku na uku. Bakaponya banati, aa mudala, ndiye mabala yali ku msana. Wina anati, olo kumusi kwa lamba. Ba Blackson banabwezera mikono, banati kufika apo sinifika.

Tsiku ya chilango ba Elesi banapinda chitenge, banachiika mu chola, banavala china cha wamba. Mu minibasi banaona pa galasi ya dalaiva duku yobiriwira ku mpando wa kumbuyo, munthu wabisa nkhope kuseri kwa thumba ya bene ya masamba ya chibwabwa. Duku ija banaidziba. Banaigula pamodzi na ba Monde. Sibanacheuke.

Mu khoti ba Monde banalowa mochedwa dala, maso ku bokosi ya bolakwa, kufuna kuona mnzabo aimirira mmenemo. Banapeza mnzabo ali pa benchi, basendera kubasiyira malo.

"Khalani, bamake Chipego. Mwalipira basi, muonerere bwino."

Banakhala. Mu bokosi munalowa kamtsikana koonda, tsitsi yosapesa, chipsera cha kale pa chikope. Ba majisitireti banakamba ati nkhani za bakazi bowotcha bamuna zachuluka, tiziona pa mafoni masiku yonse, pafunika chilango chakuti bakazi benangu batengepo phunziro. Zaka zibiri. Ketty sanalire. Anangofuna ba Elesi na maso.

"Sabata yatha panali mwamuna apa, anathyola mkazi nsagwada," ba Elesi bananong'oneza. "Bamuna benangu sibanafunike phunziro. Anayenda kukadya lanchi."

"Ni mwana wa ndani uyu?"

"Ninamulanga ine. Vamene nizauza Chipego wanu ni vamene ninamuuza uyu, kuchotsako chimodzi."

"Chiti?"

"Bwerera."

Panja banyamata ba mafoni banali bachuluka kupambana poyamba, chifukwa kavidiyo kaja kanayenda maningi. Ba Elesi banatulutsa chitenge mu chola. Ulendo uno wapolisi anali maso, anaimirira pakati kuti basafike pa Ketty. Ndiye banachitambasula monga katani, koma manja yabo yabiri siyanakwane.

"Gwirani uko!"

"Ine?"

"Mwabwera kuchita chani? Gwirani, kwezani pamwamba!"

Ba Monde banagwira. Bazimayi babiri banayenda chammbali monga nkhanu, chitenge pakati, Ketty kuseri, mpaka pa sitepe ya kasalanga. Ba Elesi, pokhala bafupi, nkhope yabo inabisika kuseri kwa nsalu. Ba Monde ni batali. Nkhope yabo yonse, na duku yobiriwira, na pakamwa potseguka, vinalowa mu mafoni.

Bakali mu basi yobwerera, foni ya ba Monde inayamba kulira. Chipego. Banamvera, banatsegula kavidiyo, banapatsa mtsikana wa pa mpando wapafupi kuti ababerengere bwino. Ati, nyina wa mzimayi wowotcha mwamuna achita ndeo pa khoti.

"Nyina! Ine? Ananifunsa ndani?"

"Sibafunsa," banatero ba Elesi.

"Manje bapongozi ba Chipego bakaona? Bazati ni mkulu wake wa Chipego uja! Bazati ni va m'magazi!"

"Mukabauze ni mwana wa ku Chawama. Dzina munaimva. Na kamwana kake mukadziba pamene kali, pa khomo panga."

Basi inafika pa maketi ya Matero. Potsika, bazimayi ba vitumbuwa banali baimirira kale, mafoni m'manja, kuyang'ana uyu, kuyang'ana uyu. Umodzi analimba mtima. "Bamake Chipego, nanga ni ndani uja munabisa?"

Ba Monde banamanga duku bwino. "Ni munthu. Saladi yako ipsa."

Chipego analowa m'nyumba ya ba Elesi pa Chiweru, ng'oma inalira mpaka ba neba banadandaula. Bapongozi banafunsafunsa, ba Monde banabayankha vamene banabayankha, ukwati unachitika. Ba ku George baja sibanabwerere, na benangu babiri ba ku tchalitchi banapereka bana babo kwina. Ba Elesi balanga bamene babwera. Mphatso ayenda ku sukulu na bana banzake, bamake bakali ku oda ku Nakonde. Chitenge chija manje chituluka mwezi na mwezi chabe, pomanga mbale za chakudya chopita ku ndende.

Ba Blackson dzina ya Michopo inabakhalira. Jezi bakali kuivala, ndipo bakapita pa sitesheni, bantu bakali kuyang'ana pa msana.