Msilikali amene sanayankhe moni wa akulu

Kodi munthu akabwerako kunkhondo ali ndi miyendo iwiri, manja awiri ndi mutu uli pamalo pake, ife otsala kumudzi timadziwa bwanji ngati pali chimene wasiya kumeneko? Funso limeneli ndabwera nalo kuchokera ku Lirangwe Loweruka lapitali.

Ndili ndi msuweni wanga msilikali, amene pano ndimutchula kuti Feston, ngakhale si dzina lake. Watha chaka chathunthu ku Congo, pantchito ija timaitchula mwaulemu kuti yosungitsa mtendere. Atapatsidwa tchuthi, bambo ake, omwe ndi amalume anga, anaitana abale kuti tikamulandire. Ndinanyamuka kwathu ku Chileka m'mawa, ndipo ndinapeza mbuzi itafa kale, thobwa litadzaza zidebe.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti pamsonkhano wotere anthu sakhala mwachisawawa. Abambo amakhala pamipando mbali imodzi, amayi pamikeka mbali inayo, mlendo pakati. Tsiku limenelo mthunzi wa mango unagwera kumanzere kwa mpando wa Feston, ndipo popeza mthunzi wabwino ndi wa akulu, abambo tonse tinakhala kumanzere kwake. Amayi anayala mikeka kumanja.

Malonje anayambidwa ndi a Bwanali, ankhoswe a banja la Feston, amenenso ndi mkulu wa mpingo. Moni waulemu sakuwa nawo, ndipo a Bwanali ndi katswiri pa mwambo umenewu: mawu awo amatuluka pansipansi ngati munthu wopempherera wodwala.

“Mwayenda bwanji, a Sajeni?”

Feston anangoyang'ana kutsogolo, akumwetulira mtengo wa papaya.

Nthawi yomweyo azakhali ake, ali pamkeka, anafunsa ngati nzoona kuti zitenje za ku Congo sizisuluka. Msilikali uja anatembenuka msangamsanga nayankha mwatsatanetsatane: mitundu yake, kulimba kwake, ngakhale kamangidwe ka duku ka amayi akumeneko. A Bwanali anakhosomola, nabwereza moni wawo. Palibe chinachitika. Atayesa kachitatu, Feston anali akuseka nkhani ya nkhuku imene mlongo wake ankafotokoza.

Pamene mlendo wathu anapita kukasamba m'manja, abambo tinatsalira, ndipo bwalo la akatswiri linatsegulidwa. Wina anati vuto ndi ndege, chifukwa aliyense amene waikwera amabwera khosi litauma. Wina ananong'ona kuti asilikali amadya mankhwala oti chipolopolo chiziwaphonya, ndipo chizimba chake nkusayankha mwamuna mnzako. Wometa tsitsi wa pamsika, amene waonera mafilimu ankhondo ochuluka kuposa nkhondo zimene zinamenyedwapo, anatitsimikizira kuti makomando amaphunzitsidwa kutero. Inenso ndinaponyapo langa. Ndinafotokoza modekha za mabala a m'maganizo amene ndinawerenga kusukulu ya ukachenjede, kuti munthu woona zoopsa amatha kukhala pakati pa anthu koma mtima uli kwina.

A Bwanali anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: “Matenda a m'mabuku anuwo, aphunzitsi, amasankha amuna okhaokha? Za zitenje akuzimva bwanji?”



Chigamulo chinali chachidule. Mwanayu wayamba matama. A Bwanali anati sangakhale nkhoswe ya munthu amene amawaona ngati chitsa, ndipo mawa lake, potuluka m'tchalitchi, adzatula unkhoswe pamaso pa mbali zonse ziwiri. Mungaseke, koma kwathu kuno banja lotayidwa ndi nkhoswe limayenda ndi chizindikiro pamphumi. Amalume anga anangoti zyoli, chipewa chili pabondo.

Ndikupita kuseri kukatunga madzi akumwa, akazi a Feston, amake Tadala, anandikodola ali pathandala la mbale.

“Alamu, kasintheni mipando ija. Akuluwo akhale kumanja kwake.”

Ndinafunsa chifukwa. Anayang'ana uku ndi uku, nandiuza mwachidule. Tsiku lina bomba linaphulika pafupi ndi galimoto imene Feston anakwera. Kuyambira pamenepo khutu lake lakumanzere silimva kanthu. Mnzake amene anakhala mbali imeneyo sanabwere. Ndinati bwanji osangowauza akuluwo, nkhani ithe? Anandiyang'ana monga amayang'anira munthu wophunzira amene wafunsa zachibwana. Anati chimene wamva wometa tsitsi Loweruka, Lolemba chafika ku Lunzu, Lachitatu chafika kukampu. Ndipo msilikali wosamva khutu limodzi sadziwa ngati ntchito idzamusunga.

Ndinabwerera pabwalo ndi kulengeza, ndi ulamuliro wonse wa munthu wa digiri, kuti dzuwa latembenuka ndipo posachedwa liwomba akulu pamutu. Dzuwalo linali lisanasunthe ngakhale pang'ono. Komabe palibe mkulu amene amakana kusamalidwa. Mipando inapita kumanja, mikeka kumanzere.

A Bwanali, nkhope ili gwa, anaganiza zopereka mpata womaliza. Asanamalize nkomwe moni wawo, Feston anatsika pampando, nanjuta, nawomba m'manja, nayankha malonje onse mwadongosolo lake, kuyambira tsiku lonyamuka mpaka lofika. Anafunsa za mwendo wa a Bwanali, za mbewu, za denga la tchalitchi. Za bomba sanatchule.

Unkhoswe unapulumuka. A Bwanali anatiuza pambuyo pake kuti matama ndi matenda osavuta, amangofuna munthu wodziwa kukwinya nkhope. Koma azakhali aja, amene tsopano anali kumanzere, anafunsa kawiri za mtengo wa zitenje osayankhidwa, ndipo anachoka akudandaula kuti mwana anali bwinobwino m'mawa, abambowa ndiwo amuwononga.

Ndaseka nkhaniyi sabata yonse, koma ili ndi mbali ina yosaseketsa.

Taganizani, owerenga, mmene timamudziwira msilikali. Timamudziwa ali paperete, nsapato zikuwala, ife tikuwomba m'manja. Timamudziwanso ali m'bokosi lokutidwa ndi mbendera, anzake akuwomba mfuti kumanda, ife tikubisala kuseri kwa mitengo. Pa ziwirizi mwambo tili nawo, nyimbo tili nazo, zolankhula tili nazo. Nanga uyu wapakati, wobwera akuyenda yekha, wooneka wonenepa, tili naye ndi chiyani? Timamufunsa kuti watibweretsera chiyani. Olimba mtima amafunsa kuti anapha angati. Akakhala chete timati ndi matama, akakwiya msanga timati ndi usilikali, akayamba kumwa timati ndalama zamupweteka. Bala limene silitulutsa magazi sitiliwerengera.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu ndi woona, koma umaganiza kuti kunja kwa chitsekocho kuli mpumulo. Bwanji ngati kunjako kuli kalata yopumitsa ntchito? Pamenepo wodwalayo amagwira chitseko ndi manja awiri kuti chisatseguke, ndipo mkazi wake amamuthandiza kuchigwira. Nsembe imene timaitama pamaliro ilinso ndi mbali iyi: kukhala pakati pa abale ako, ukumwetulira papaya, ukudziwa kuti pali wina akukulankhula koma osadziwa kuti ndani.

Madzulo Feston anandiperekeza kumsewu kukakwera minibasi. Atadziwa kuti akazi ake andiuza, sanakwiye. Anangoti, “Msuweni, sukulu yako yagwira ntchito lero. Wasuntha dzuwa.” Kenako anandiuza zotsalazo, monga munthu wonena za nyengo.

Tchuthi chake chitha kumapeto kwa mwezi uno, ndipo akabwerera akakumana ndi madokotala. Akanena zoona, mwina yunifolomu aivula, ali ndi ana atatu, ndipo ntchito ina saidziwa chichokereni kusekondale. Akabisa nkupambana, dzina lake likhalabe pakati pa amene angatumizidwenso kutchire, kumene moyo wa anzake udzadalira kuti iye amve chimene chikubwera kuchokera kumanzere. Pamene minibasi inkaima, anali asanasankhe.