Tochi ya Achimwene

"Bambo, ndi holide chabe! Mukukalipa chiyani?" anakuwa mwana wanga Esinati nditamukankhira foni yake uko. Amandionetsa mapanga amene akufuna kukaona ndi mwamuna wake. Zopusa. Ine za mapanga sindifuna kumva.

Nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, ine ndili mwana, bambo anga ankaphikira azungu ku Waterfalls, kumayadi a mumzinda. Azunguwo atabwerako kuchilumba china cha ku Mediteraniyani, khungu lili psuu, dona anatiitanira kukhitchini kuti tione zithunzi. Ana ake anali pamchenga, kenako m'phanga akukwawa, tochi zili pachipumi. Akuseka!

Kwathu kukomboni ya Mbare mayi ankanong'ona kuti achimwene anga a Yohane, amene anathawa sukulu n'kulowa kunkhondo, amagona m'mapanga pothawa asilikali a boma la azungu. Nanga azunguwa ankathawa ndani? Ndipo munthu wothawa amaseka?

"Achimwene anganso ali kuphanga," ndinatero monyada, m'Chichewa.

Dona anafunsa kuti mwanayu akuti chiyani. Bambo anaseka, thukuta lili kamukamu. "Akuti n'zokongola, madamu."

Titafika kunyumba anandiwomba mbama, kenako n'kundikumbatira mpaka nthiti kuwawa. Sindinamvetse chilichonse. Panalibe wondiuza kuti mawu angawo akanatibweretsera apolisi pakhomo.

M'mawa mwake ndinatenga tochi ya bambo n'kuthamangira ku Musika, kokwerera mabasi, kumafunsa makondakitala basi yopita kumapanga. Ana a dona anali ndi zounikira. Achimwene anga, amene sitinawaonenso, anali mumdima.