Zikhomo m'munda wa a Goliati

Aphunzitsi a Vitus anafika kwa Zulu chaka chimene boma linachotsa fizi ku pulayimale. Anali mlendo wochokera kumpoto, wamtali, wofatsa. Ana ankadzaza mpaka m'mawindo, ndipo iwo anaona kuti masamu a pabolodi sakulowa m'mitu. Choncho ankawatulutsa panja. Ankayeza nawo mthunzi wa bulugamu kuti adziwe kutalika kwake osakweramo. Tsiku lina ankazunguliza chingwe pachitsime, lina ankawerenga mizere ya mtedza. Ana anawakonda kwambiri.

Chimene sankadziwa n'chakuti kuno chikhomo sachita nacho masewera. Minda yambiri inapita ku maesiteti a fodya, ndipo chiyambi chake chinali chimodzimodzi: anthu ovala bwino, chingwe, zikhomo, kenako waya.

M'mawa wina, anthu atakolola, a Vitus anatenga ana a Sitandade 7 kupita pamunda wa kuseri kwa sukulu kuti akaphunzire kupeza kukula kwa malo. Sanapemphe mwini wake, poti munalibe mbewu. Anakhoma zikhomo m'ngodya zonse, mtsikana wina dzina lake Stelia atagwira nsonga ya chingwe.

Mundawo unali wa a Goliati, amalume ake a Stelia, amene anali atalandidwa kale dimba la malemu mayi awo. Wina anathamanga kukawauza kuti kwabwera anthu oyeza.

A Goliati anatulukira ndi chikwanje, achibale awo ali pambuyo ndi mipini.

"Wakutumani ndani?" anakuwa a Goliati.

"Pepani bambo, ndi masamu chabe. Ndine mphunzitsi."

"Masamu! Ajanso ankati akungoyeza. Iwe, kwanu kulibe minda?"

Mpini woyamba unagwera pamsana. Wachiwiri unawapeza pakamwa, dzino n'kuthothoka. A Vitus anagwada m'mapesi, akulavula magazi, uku akukuwira ana kuti athawe. Onse anabalalika, koma Stelia chingwe chinamukola mwendo, nagwa chafufumimba m'fumbi.

A Goliati sanaone nkhope ya mwana. Maso awo anali pachingwe, ankafuna kuchidula. Anakweza chikwanje pomwepo pamene panali mwendo wa mtsikanayo. A Vitus anadziponya, natambasula dzanja lamanja.

Chinamveka ngati munthu akudula nzimbe.

"Amalume! Amalume, ndi aphunzitsi athu!"

A Goliati anaima. Anayang'ana Stelia, anayang'ana zala zimene zinali pansi, chikwanje n'kuwapulumuka. Achibale aja anali atayamba kale kubwerera chammbuyo. Mayi wina amene ankatola nkhuni anang'amba chitenje chake n'kumanga mkonowo. Anthu anawakweza a Vitus panjinga mpaka pa Kamwendo, kenako pa minibasi ya ku Boma, magazi akudontha pampando.

Kuchipatala anapulumutsa chala chachikulu ndi cholozera, koma cholozeracho sichinapindikenso. Choko chinkangogwa. A Vitus analira, chifukwa ntchito ina sankaidziwa. Akwawo anawauza kuti abwerere kumpoto, iwo anakana. Miyezi yamvula yonse anakhala pakhonde akulemba manambala pansi ndi dzanja lamanzere, ngati mwana wa Sitandade 1. Sukulu itatsegulidwa analowa m'kalasi, manambala awo ali opendekeka, ana osaseka. Panja ankapitabe, koma ankayamba aodira kaye kwa mwini malo.

A Goliati anakagwira ukaidi. Atatuluka anayamba kubwera kutchalitchi, n'kumakhala pabenchi yakumbuyo, mutu uli pansi. Lamulungu lina, pa nthawi yopatsana mtendere, anayenda mpaka kutsogolo kumene kunali a Vitus, natambasula dzanja. A Vitus akanatha kupereka lamanzere. Anapereka lamanja.

"Mtendere wa Ambuye, bambo," anatero a Vitus.

A Goliati atakhudza zipserazo anafuna kubweza dzanja, koma zala ziwiri zija zinawagwira mpaka nyimbo inatha.