Sipeya Yanga Palibe Angaibe, Ngakhale Mwini Wake

Ndikulemba izi nditakhala m'galimoto, pepala ndayala pa chiwongolero. Musaganize kuti ndalemera mpaka kukhala ndi ofesi ya matayala. M'nyumba muli apongozi.

Nyumba yathu kuno ku Mtendere ndi ya zipinda ziwiri. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Katete kudzaona khanda lathu Misozi, ndipo khandalo lero likukwawa. Akuti mlendo ndi mame, koma mame athu ano dzuwa lawalephera. Ndi mayi abwino, sindikudandaula. Vuto ndi ulemu. Mkamwini woleredwa bwino sadya pamaso pa apongozi, satambasula miyendo, sayasamula mokweza. M'zipinda ziwiri ulemu wonsewo ungauike pati? Ine ndinauika m'kavaneti kanga, ndipo ndimo ndimadyera.

Apongozi nawonso mtima unali kale kumudzi. Mitambo yayamba kusonkhana, munda sunagalauzidwe. Koma mabasi a kum'mawa masiku ano mukuwadziwa. Anthu amagona pa siteshoni ku Kamwala mpaka kudziwana mayina a ana. Mwamwayi msuweni wa akazi anga, yemwe ndi kondakitala, anatisungira mpando pa basi ya Lachinayi m'mawa. Ntchito yanga inali imodzi yokha: kuwafikitsa apongozi pa siteshoni pamodzi ndi katundu wawo.

Kumayambiriro a sabata, chitsulo chogwira tayala la sipeya kunsi kwa galimoto chinathyoka m'maenje a msewu wathu. Ndinafika pakhomo tayala likukhwekhwereza pansi ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Chitsulo chatsopano mungachipeze kuti? M'sitolo momwe mulibe sopo musayembekeze zitsulo za galimoto.

Ndinaitana a Chanda, oyandikana nawo nyumba. Iwowa ankagwira ntchito kumigodi, ntchito itatha anabwera ku Lusaka ndi luso lowotcherera. Makina awo anapanga okha: waya wa mkuwa wokulungakulunga, m'bokosi la matabwa. Akangokhudzitsa ndodo pa chitsulo, mababu a mzere wonse amafiira ngati tomato, mawailesi nkuyamba kunong'ona. Kumaso amatchinga ndi kagalasi kodetsedwa ndi utsi wa kandulo. Koma chimene agwira, chagwira.

Anasuzumira kunsi nkufunsa, "Bashi Misozi, mufuna nimange bwanji? Nibwezepo bauti monga kudala, olo tichite vinangu?"

Apa ndiye panalowa maphunziro anga. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndimawerenga chilichonse chomwe ogulitsa mtedza sanafike pokulungira. Ndili ndi buku la zamakina lomwe ndinagula pamsika, loyambira pakati chifukwa masamba oyamba anapita ndi mtedzawo. M'menemo ndinawerenga kuti chilichonse chomangidwa ndi bauti chikhoza kumasulidwa. Ndinakumbukira sipeya yanga yoyamba, yomwe akuba anaimasula ndili pamzere wa ufa, osasiya ngakhale moni.

"A Chanda," ndinatero ndi mawu a munthu wowerenga, "mdani wathu ndi bauti. Bauti ndi khomo la wakuba."

"Manje mwakamba!" anadumpha. "Bakawalala bayenda na sipanala m'thumba. Tibachosele pogwira. Muli na bedi yakudala?"

Bedi yakale inalipo. Anadula zitsulo zake, anaphimba tayala ndi saka lonyowa kuti lisapse, nkulimangira khola. Chitsulo ichi uku, china chopingasa, nthethe zili thethethe, amayi a mzere wonse akutitukwana chifukwa cha mababu. Ine ndili chilili pambali, manja kumbuyo, ndikuvomereza ndi mutu ngati injiniya. Atamaliza analimenya ndi nyundo. Silinasunthe.

"Iyi, mudala, olo babwele bali teni."

Tinagwirana chanza. Amuna awiri akuluakulu, a ndevu, palibe anafunsa funso lomwe inu owerenga mwafunsa kale.

Lachinayi tinanyamuka bwino. Apongozi kutsogolo, akazi anga pakati kuti ulemu usaphwanyike, kumbuyo matumba, ndowa, ndi mpando womwe tinawapatsa. Ndinali kuimba mumtima. Titalowa m'Kalingalinga, tayala lakumbuyo linangoti phuu, galimoto nkupendekeka.

"Musadandaule," ndinauza akazi anga kuti awauze amayi awo, "sipeya ilipo."

Ndinatsika ndi jeke ndi sipanala, ndinayala katoni, ndinagona chagada. Tayala linalipo ndithu, lonenepa, lodzaza mpweya, likundiyang'ana m'khola mwake. Ndinakweza sipanala. Ndinaizunguza uku ndi uku kufuna poigwiritsa. Mukudziwa mmene amaonekera munthu wonyamula kiyi pakhoma lopanda chitseko?

Anthu a ku Kalingalinga sachedwa. Posakhalitsa ndinazingidwa ndi mapazi, ndipo mapazi aliwonse anali ndi malangizo.

"Bamudala, iyo sipeya ni yoonela chabe?"

"Isiyeni, ili mu selo. Inalakwa chani?"

Kenaka ndinamva mawu a apongozi, odekha, akulankhula ndi mwana wawo monga mwa mwambo, koma mokweza kuti afike kunsi kwa galimoto. "Mwanawe, tawafunsa atate ake a Misozi. Tayala akulisisitalo ndi lathu, kapena atisungitsa eni ake?"

"Akuti ndi lathu, amayi."

"Nanga akupemphanso chilolezo kwa yani?"

Akazi anga anathamanga kubwerera ku Mtendere kukatenga a Chanda. Ine ndinaimika maminibasi, koma onse anali odzaza, anthu akulendewera pakhomo, ndipo kondakitala aliyense akaona ndowa ndi mpando ankangogogoda kuti dalaivala apitirire. A Chanda anafika ndi sowo yodulira zitsulo yomwe mano ake anatha kalekale. Mpeni wake watsopano, akuti, m'tauni monse mulibe. Kudula ndi moto wa makina? Makina ali kunyumba, ndipo magetsi anali atazima kuyambira m'mamawa.

Anakwecha, anakwecha, chitsulo chinangowala. Anatuluka kunsiko thukuta lili kamukamu, nkhope ikumwetulira.

"Mwaona nchito, bashi Misozi? Na ine wamene nakangiwa!"

Munthuyo anali wonyada kuti ntchito yake yamukanika ngakhale iye mwini. Ndipo ndinene zoona, pang'ono pokha nanenso ndinanyada.

Pamene tinkamaliza kumatitsa tayala lophulikalo kwa wokonza njinga, dzuwa linali pamutu. Tinafikabe ku Kamwala, kukangoona pamene panaima basi. Yotsatira ibwera liti? Ngakhale msuweni uja sadziwa.

Pobwerera ndinali ndi nthawi yoyang'ana m'mbali mwa msewu. Abale anga, kodi mwaona mmene tawotchererera mzinda uno?

Pitani ku Chawama, ku Matero, ku George. Batire ya galimoto ili m'khola. Babu la panja lili m'khola. Mpopi wa madzi uli m'khola, mwini akafuna kumwa ayambe wafunafuna kiyi. Zenera lililonse lili ndi zitsulo, chitseko chili ndi chitseko chinzake. Mafakitale akuchotsa anthu, koma wowotcherera sagona ndi njala. Bedi tilibe, tikugona pansi, zitsulo zake zili pazenera.

Sindikunena kuti ndife amisala. Akuba alipo, ndipo zinthu zikamavuta chonchi amachuluka. Munthu amene anaberedwapo wailesi yomwe sangathe kugulanso, musamuseke akamanga linga. Koma tikamawotcherera timaganiza za munthu mmodzi yekha, wobwera kuchokera kunja. Za amene ali mkati, tsiku lomwe adzafune kutuluka mothamanga, timaiwala.

Magetsi akazima tonse timayatsa makandulo ndi mbaula. Katani ikagwira moto pafupi ndi chitseko, ana anu atulukira pati? Ndafunsa funsoli kwa anzanga angapo sabata ino. Aliyense amayamba kuseka, kenaka amasiya.

Kwanga nkomwe kuli koipa. Mazenera onse anawotcherera a Chanda omwewo, ndipo mwaona kale kuti ntchito yawo siibwerera m'mbuyo. Khomo ndi limodzi. Kiyi wa loko akazi anga amabisa malo osiyanasiyana kuti akuba asazolowere, moti masiku ena ngakhale iwo amadabwa kumene wapezeka. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kwathu wamva m'mimba amayamba wadzutsa nyumba yonse.

Apongozi anaziona zonsezi kalekale, anangosunga. Titatsitsa katundu tsiku lija anaima pabwalo, nayang'ana mazenera, nayang'ana kunsi kwa galimoto.

"Mwanawe," anatero kwa mwana wawo, "kwathu khola timamangira mbuzi, mwini nkusunga chotsekulira. Kuno mbuzi ndi ziti?"

Akazi anga sanandifikitsire funsolo. Ndinalimva ndekha.

Ndiye ndapangana ndi a Chanda. Magetsi akabwera, asanakhudze galimoto, ayambe adula zitsulo za zenera la kuchipinda, aike mahinjesi ndi kaloko, kiyi apachikidwe pamsomali pomwe ngakhale mwana angafike. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kugwetsa tchalitchi. "Manje bakawalala?" Ndinati akuba akabwera adzatenga wailesi, moto ukabwera sudzasankha. Pambuyo pake adzamasule sipeya ija m'ndende, tibwezepo bauti. Buku langa lija linanena zoona kuti bauti imamasuka. Ndikuganiza kuti chifukwa chake chinalembedwa m'masamba omwe anapita ndi mtedza.

Dzulo kwagwa mvula yoyamba. Apongozi anaima pakhomo kuinunkhiza. Munda wawo ku Katete ukudikira basi, basi ikudikira matayala, ine ndikudikira magetsi.

Pakali pano mbale yanga ili pampando wa pambali panga, ndipo kunsi kwanga kuli tayala lotetezeka kuposa onse mu Lusaka. Inu kwanu mwawotcherera chiyani, ndipo tsiku lomwe mudzachifune mwamsanga, sipanala mudzaigwiritsa pati?