Tsiku Limene Ndinamira pa Ulendo wa ku Mathithi

Kuno ku Govanhill, kudziko la azungu, mvula ilibe manyazi, imagwa ngakhale dzuwa likuyang'ana. Sabata yatha ndili pawindo, mwana wanga Chisomo, amene ndi nesi, anandionetsa pafoni msewu wokhotakhota m'mbali mwa nyanja, mitengo ya kokonati ndi mathithi oyera mbee. Akuti chaka chino holide tikadyere ku Morishasi, tikabwereke galimoto tizungulire chilumba. Ine ndinati, "Kumeneko ndinapitako kale, ndipo ndinafera konko." Adzukulu anandiyankha m'Chingerezi chawo cha kuno, chija chomveka ngati munthu akuchukucha m'kamwa. Ndiye ndati ndilembe, anzanga a imvinu muweruze.

Ndikukumbukira ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu ku Ntchisi, pamene malume anga a Layisoni anabwerako kotchona. Ankati anali dalaivala wa mzungu ku Morishasi. Ena ankanong'ona kuti sanapitirire pa Beira, koma onong'onawo analibe galimoto, pamene malume anali nayo. Inabwera mokokedwa ndi ng'ombe zinayi, n'kukhazikidwa pa njerwa pansi pa mtengo wa mango. Matayala inalibe, injini inalibe, chitseko chakutsogolo chinatsala kumene inachokera. Nkhuku ndizo zinkaikonda.

Loweruka lina malume analengeza kuti akutenga ana asanu ndi mmodzi kukaona mathithi. Sizinali zamasewera. Tinasamba, tinadzola, tinazungulira nyumba ndi nyumba kutsanzika mogwada. Amayi anatimangira kamba, mbatata yootcha ndi chigubu cha thobwa, n'kutiuza kuti tikayende bwino, tisakaiwale kwathu. Atatero anabwerera pamtondo, mapazi khumi kuchokera pagalimoto.

Ine ndinalanda mpando wakutsogolo, mbali yopanda chitseko, chigubu chili pamiyendo. Mlongo wanga Felesiya anapanikizana ndi anzake kumbuyo. Malume anapereka lamulo limodzi lokha: wina asatsike tisanafike, chifukwa kumanja kuli thanthwe, kumanzere kuli nyanja yamchere yosaoneka pansi.

Injini inali pakamwa pawo. Ankaliza, kusintha magiya, malovu akuthothokera pachiwongolero. Akakhota tonse tinkapendekera mbali imodzi, ndipo wochedwa kupendekera ankalandira khofi la pamutu. Mbuzi ikadutsa ankaimba hutala n'kuikwezera chipewa, ati ndi bwana wa munda wa mizimbe. Fungo la zitosi litatikwana, anatiuza kuti tipume kwambiri, ndiyo mphepo ya kunyanja imeneyo. Ife madzi aakulu amene tinkawadziwa anali a padambo, ndiye tinapuma. Nditafika kuno n'kukaima kugombe, ndinapeza kuti mkuluyo sananame kwenikweni.

Pamene tinkadutsa mudzi wachitatu wa asodzi, chigubu chinali chitapepuka, ine nditalemera. Mkodzo unandipana. Ndinapinda miyendo, ndinaluma mlomo, kenako ndinanong'ona kuti aime pang'ono.

"Pano? Pakona? Ukufuna basi itipere?"

"Kwatsala patali bwanji, malume?"

"Mamailosi khumi. Tamverani, ana inu, mathithi ayamba kumveka. Shwaaa! Shwaaa!"

Munthu wopanika samuimbira shwaaa. Ndinayeza zinthu ziwiri: kunyowetsa kabudula pamaso pa Felesiya, amene pakamwa pake panali wailesi ya mudzi wonse, kapena kuponda m'nyanja. Ndinayang'ana pansi, ndinaona masamba a mango ndi nyerere. Ndinalumpha n'kuthamangira kuseri kwa khola.

Pobwerera ndinapeza injini itazima, malume atagwira chipewa pachifuwa. "Mwana wapita," anatero. "Nsomba zadya." Anaimbitsa ndime imodzi ya nyimbo ya maliro, Felesiya akutsogolera mosangalala, kenako analizanso injini. Nditayesa kukwera, ana onse anakuwa kuti mzukwa. Amayi poona kuti mtembo ukungoyendayenda, anautuma kukabweza mbuzi kudimba. Ndili komweko ndinamva mfuu ndi nthungululu. Pamene ndinkafika, onse asanu tsitsi linali lonyowa, maso akuwala, ndipo palibe anandiuza chimene anaona.

Ndinakhala wakufa masiku atatu. Malume ndikawapatsa moni ankatembenuka uku ndi uku, n'kudandaula kuti makutu akuwalira. Anzanga ankandithawa. Felesiya anatenga legeni yanga ndi bulangete, ati chuma cha masiye. Mukuseka, koma pa msinkhu umenewo anthu ambiri akagwirizana kuti unafa, umayamba kudzitsina. Tsiku lachitatu ndinalira zenizeni kuseri kwa nkhokwe, ndipo amayi anandimva.

M'mawa mwake anatulukira ndi beseni la madzi, sopo ndi lumo. Malume anali pakhonde akupesa seda wawo. Seda ameneyo ankawongoka ngati mzere wa fodya, ankamwa mafuta kuposa ndiwo zathu, ndipo ngakhale mvula inkamuopa. Amayi anagwada mwaulemu wonse.

"Achimwene, mwana wa mlongo wanu anafera m'manja mwanu, mwini maliro ndinu. Masiku akwana, lero n'kumeta. Tiyambe ndi inu, weramani."

Malume anayang'ana lumo, anagwira seda, anayang'ananso lumo. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala kokulungira fodya. Ati telegalamu yangofika kumene: asodzi apeza mnyamata m'khoka, wamoyo, wangomwa madzi ambiri. Anandigwira chanza ndi manja awiri n'kundifunsa kuti ndayenda bwanji. Ndinayankha kuti ndayenda bwino. Legeni inabwezedwa, bulangete linachita kulimbanirana.

Anandilonjeza ulendo wachiwiri, koma mwezi womwewo njuchi zinamanga m'galimoto, ndipo zimenezo sizinkamva za telegalamu. Mathithi sindinawaone. Felesiya ndi gogo tsopano, mano atatu, koma ndikamuimbira foni n'kumufunsa, amangoti, "Za kumeneko sitiuza anthu otsika panjira."

Masiku ano ana amaona mathithi pafoni asanamange n'komwe nsapato. Amadziwiratu pamene pali kona, pamene pali chimbudzi, ndi mtundu wa nsomba imene akadye. Galimoto zili ndi matayala onse anayi, koma okwera amangoweramira m'manja, palibe wopendekera pokhota. Ife tinayenda osasuntha n'kufika, ena mpaka kufa.

Chisomo ndamuuza kuti ndipita. Tsikulo tiyi sindimwa, andikhazike pakati, andimange lamba, ndipo ndikapempha kuti aime asandimvere. Ndikakafika ndidzajambulitsa chithunzi nditaima m'madzimo, ndimutumizire Felesiya. Yankho lake ndikulidziwa kale. Adzachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Amenewa si omwewo. Athu anali aakulu."